Mkaka wa Bwana

Lachiwiri, 4 Malichi

Andigoneka. Ndinachoka kunyumba ndi kachikwama ka m'manja poganiza kuti ndingomva tsiku loyambira mankhwala n'kubwerera, koma atandiyeza dokotala anati magazi anga ndi ochepa kwambiri, ayenera kundiika ena kaye. Ndiye ndili pano, pabedi la kuzenera, m'diresi lomwe ndinachokera nalo. Kope ili ndi la mwana wanga woyamba, amene timamutcha Loya chifukwa pamkangano sagonja. Masamba akutsogolo ndi masamu ake, akumbuyowa ndalanda ine.

Ndilembe zimene anena, bambo a ana akamafunsa ndisamachite chibwibwi. Chotupa chili kubere lakumanja, china chaching'ono m'khwapa. Kanyama kamene anadula mwezi watha kasonyeza kuti ndi khansa. Ayamba ndi mankhwala a m'diripi kuti chotupacho chichepe, opaleshoni ibwera pambuyo.

Zonsezi ndinazimva ngati akunena za mayi wina. Chondilasa chinabwera kumapeto. Dokotala, mtsikana ndithu wa magalasi, anayang'ana zipi ya pachifuwa panga.

"Mayi, mukuyamwitsa?"

Ndinati eya.

"Mankhwalawa amalowa mumkaka. Tikangoyamba, mwanayo asadzalawenso, ngakhale dontho."

Bwana ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Dzinali linabwera lokha, poti m'nyumba mwathu akalira iye tonse timaimirira. Phala amalavula, nthochi amaponyera pansi, moyo wake wonse uli pabere, ndipo lakumanzere lokha. Lakumanja analikana kalekale. Ndinkati ndi matama, chotupacho ndinkati ndi mkaka woundana. Kaya mkamwa mwake ankamvamo chiyani.

Ndaimbira mng'ono wanga kuti apite akakhale ndi ana. Ndilibe wina. Ameneyu ndi munthu woti madzi amaphwera pamoto iye ali pafoni.

Lachitatu, 5 Malichi

Kuno kumacha ndi phokoso la ndowa. Okolopa amayamba, kenako anesi ndi choyezera kutentha, kenako tiyi wofunda ngati wosiyidwa ndi mwana. Madokotala amadutsa chakumasana, gulu, akulankhulana pamwamba pa mitu yathu.

Pabedi loyandikana nane pali mayi wachikulire amene wodi yonse imamutcha Wailesi. Sazima. Bere limodzi anamuchotsa zaka zapitazo, tsopano matenda abwerera m'mafupa a msana. Atangondiona ndikugwira pachifuwa ndi manja onse awiri anati, "Mnzanga, mwasiya khanda kunyumba inu. Tayang'anani diresilo." Linali litanyowa mpaka pamimba. Manyazi anandigwira ngati ndadzikodzera.

Nesi wamtali anandipatsa kapu yachitsulo. Akuti pakadali pano mkaka wakumanzere ndi wabwino, ndikhoza kumafinya n'kutumiza. Bambo a ana anabwera madzulo kuchokera kushopu yawo ya ukalipentala, utuchi uli m'tsitsi, atanyamula fulasiki ya tiyi. Tinaitsuka, ndinathiramo mkaka. Anainyamula ndi manja awiri.

"Wagona bwanji?"

"Wagona."

Mwamuna wanga sadziwa kunama. Akanama amayang'ana zikhadabo.

Lachinayi, 6 Malichi

Andiika magazi, thumba limodzi m'mawa, lina madzulo. Singano ili padzanja lamanzere, akuti lamanja asamalibaye. Poyamba ndinazizidwa, kenako zinasiya.

Nyumba ndikuiyendetsa pafoni. Yunifomu ya Loya ichapidwe lero, isadikire Lamlungu. Phala la Bwana lisefedwe, likhale lofunda, amumange kansalu m'khosi, amukhazike pampando wake, supuni ikhale yabuluu ija. Mng'ono wanga amangoti, "Ndamva, asisi. Ndamva." Kumbuyo kwa mawu ake ndimamva kulira. Si kulira kwaukali kumene ndimakudziwa. Mawu asasa.

Ndinati amuike foni kukhutu. Nditangoti "Bwana wanga," anakuwa mwakuti mayi wa bedi la kukhomo anatembenuka. Mkaka unayamba kutuluka wokha. Sindidzayesanso.

Lachisanu, 7 Malichi

Bambo a ana abwera ndi fulasiki. Nditaitenga ndinamva kulemera. Nditatsegula, mkaka wanga wadzulo uli momwemo, wasasa. Anaiwala kutaya asanalowe.

"Amake Loya, akukana kapu. Botolo akukana. Supuni akuimenya. Akungomwa timadzi, basi."

"Nanga dzulo munati wamwa?"

Zikhadabo.

Ndinawakalipira pamaso pa anthu, munthu amene wayenda ulendo wonsewu ndi njala. Atapita ndinadziphimba kumutu. Wailesi anandisiya pang'ono, kenako anandigogoda ndi ndodo yake pamwendo. "Lirani msanga, mnzanga, mpunga ukubwera. Kuno sadikira olira."

Lamlungu, 9 Malichi

Tsiku la alendo. Wodi yonse fungo la mafuta ndi anyezi. Amayi a kutchalitchi anandibweretsera nkhuku, malalanje ndi malangizo. Wina akuti ndisalole mpeni, wina akuti amadziwa munthu wa masamba, wina akuti azakhali ake anadwala chomwechi, n'kusiyira nkhani pakati atakumbukira mmene inathera. Nkhukuyo yadyedwa ndi Wailesi ndi mayi wa kukhomo.

Ana saloledwa kulowa muno, koma Loya analowa. Akuti anauza mlonda kuti chikwangwani chikunena za ana aang'ono, ndipo iye kunyumba ndi wamkulu. Anakhala pamphepete pa bedi, tsitsi losapesa bwino, n'kundiuza zimene akuluakulu akundibisira. Anapita naye Bwana kusikelo Lachisanu, watsika. Maso alowa. Masana amakwawira kuchipinda changa chosokera, amalowa pansi pa makina, amatenga nsalu imene ndimafunda ndikamasoka n'kumaiyamwa.

"Amama, mungobwera kaye. Mudzamuzoloweze, kenako mudzabwerere kuno. Chipatala sichithawa."

Mawu amenewa ndi omwe ndakhala ndikudziuza kuyambira Lachitatu. Ndapinda zovala zanga. Mawa ndikamba ndi dokotala.

Lolemba, 10 Malichi

Magazi akwera. Akuti mawa tiyamba.

Ndinapempha mwezi umodzi. Ndinati mwana sasiyitsidwa bere ngati kuzimitsa nyali, ndipite ndikamuchotse pang'onopang'ono. Dokotala anavula magalasi, anakhala pabedi langa, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita.

"Kukukanizani sindingathe, mayi. Koma chotupachi pamene tinachiyeza mwezi watha ndi lero, chakula. Mukapita, malo anu alowa wina, ndipo sindikudziwa kuti mudzabwerera muli bwanji. Mwanayo akafooka abwere naye ku wodi ya ana, tidzamuthandiza. Iyeyo tili nazo njira zambiri. Inu tili nayo imodzi."

Ndinati ndiganize. Chikwama chinali pamiyendo.

Wailesi anali chete m'mawa wonse, zachilendo. Gulu la madokotala litatuluka anati, "Ine ndinapempha miyezi iwiri. Mwana wanga wamkazi ankakwatiwa, ndiye ndinati ndani aphikire anthu, ndani aone za diresi. Ukwati unakoma, mnzanga, anthu mpaka lero amaukamba. Itatha miyezi iwiri kunabwera chidzukulu, kenako china chinabwera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pano chimbudzi chili apo, koma ndimachita kunyamulidwa." Anakhosomola, n'kuwonjezera, "Wanuyo alira sabata. Mukapita, adzalira ali ndi ndevu."

Ndinamuda mayi ameneyu kwa ola lathunthu. Kenako ndinatulutsa zovala m'chikwama n'kuzibwezera m'kabati. Ndikuopa. Ndikuopa kuti mwana wanga afooka ine ndili gone pano kudzisamala.

Lachiwiri, 11 Malichi

M'mawa ndinafinya komaliza mkaka wabwino. Unadzaza kapu. Bambo a ana anabwera asanatsegule shopu, anautenga. Tonse tikudziwa kuti sakamwa, koma palibe ananena.

Anayamba ndi jakisoni woletsa kusanza, kenako diripi ya madzi. Mankhwala oyamba ndi ofiira, nesi wamtali anawakankha pang'onopang'ono ndi chisirinji chachikulu, atavala magolovesi awiriawiri. Akuti ndikamva kuwotcha pasingano ndikuwe. Achiwiri ndi oyera, a m'thumba, anandipatsa kuyabwa m'mphuno. Mkodzo ukhala wofiira, ndisadabwe. Ndidzalandiranso pakatha masabata atatu, kenako chimodzimodzi mpaka adzaone kuti chotupa chachepa.

Ndinayang'ana kufiira kuja kukulowa m'dzanja. Zinthu zimene nesi akuopa kuzikhudza ndi chala, ndizo tsopano zili m'bere la mwana wanga.

Lachitatu, 12 Malichi

Kusanza. Ngakhale madzi. Fungo la sopo, fungo la tiyi, zonse.

Lachinayi, 13 Malichi

Andibwezera diripi ya madzi. Andipatsa mapiritsi oumitsa mkaka, andimanga bandeji pachifuwa. Bere lakumanzere silikumva, lauma gwa. Nesi akuti ndifinye pang'ono pokha pochepetsa ululu, ndikataye kusinki, nditsegule mpopi.

Ndataya. Ndi woyera ngati kale, sungaudziwe. Mwana ali ndi njala uko, ine ndikutsukuluza sinki.

Loweruka, 15 Malichi

Thupi latentha kuyambira dzulo. Bere labwinolo latupa, lafiira, akuti mkaka wotsalira wayambitsa matenda. Majakisoni katatu patsiku. Zoti ndituluka Lolemba zalephereka.

Mng'ono wanga akuti Bwana wanyambita supuni ya tiyi wa mkaka, walumako buledi n'kulavula. Ndinamufunsa ngati akusefa phala. Anati, "Asisi, mupume." Anadula foni. Mwana amene ndinamubereka kumsana ine, lero akundidulira foni.

Nesi wamtali pondisintha bandeji anandichenjeza. Akuti tsiku lokaonana ndi mwana ndidzavale chovala chosatsegula kutsogolo, chifukwa adzalimbana nane, ndipo amayi ambiri amagonja, amati kamodzi kokha. Ndinaseka koyamba sabata ino. Ine ndine telala. Nditangobereka Bwana ndinadzisokera madiresi anayi, onse a zipi pachifuwa, yobisika pansi pa kapindo, kuti ndiziyamwitsa osasiya makina. Amayi oyamwitsa a m'dera lathu lonse anabwera kudzasoketsa otero. Ndipo Bwana zipi imeneyi amaidziwa, amaikoka yekha ndi zala ziwiri, ngakhale mumdima, ngakhale pamaso pa abusa. Chovala china chondikwana ndilibe.

Ndauza bambo ake abweretse singano, ulusi wobiriwira ndi diresi lamaluwa lija.

Lolemba, 17 Malichi

Asilikali a m'thupi atsika kwambiri, akutero dokotala. Ndivale kansalu kukamwa, alendo achepe, zipatso zosasenda ayi. M'kamwa mwatuluka zilonda. Ndikutsukamo ndi madzi a mchere.

Ndayamba kusoka. Ndikutseka kapindo konse pamwamba pa zipi, kuyambira m'khosi kutsika. Dzanja lamanzere lili ndi singano ya diripi, lamanja likulemera kuchokera m'khwapa, ndiye ntchito ya mphindi zochepa yanditengera masana onse ndipo sindinafike pakati. Ulusi kuti ulowe pasingano anachita kundithandiza mayi wa kukhomo.

Wailesi ankandiyang'ana ali chigonere. Mawu ake achepa masiku ano, amayamba nkhani n'kugona isanathe.

"Sokani zolimba, mnzanga. Amuna onse ndi amodzi, ngakhale wa chaka chimodzi."

Tinaseka mpaka ululu. Kenako anati, "Akadzachotsa berelo musadzalire kwambiri. Mako ndi mako angachepe mwendo. Angachepe bere, chimodzimodzi."

Ndikukonzekera mawu odzamuuza Bwana. Ndidzamugwira manja onse awiri, ndidzati kwatha, Bwana, kulibe. Akadzalira ndidzayang'ana kumbali. Ndikuyeserera mumtima ngati mwana wa sukulu.

Lachitatu, 19 Malichi

Wailesi apita naye kwawo. Ana ake anabwera ndi galimoto yobwereka, dokotala analankhula nawo pakhonde, ndipo pobwerera mwana wake wamkazi, wa ukwati uja, maso anali ofiira. Wailesi wapatsidwa botolo la mankhwala oletsa ululu, basi. Pomukweza pampando wamatayala anandisiyira kapu yake yapulasitiki ndi theka la shuga.

"Ndikupita kukazima kunyumba. Inu musasunthe pabedipo."

Matiresi ake awapukuta, awaimika kukhoma. Wodi ili zii. Sindinasoke lero.

Lachinayi, 20 Malichi

Foni inalira chakumasana. Mng'ono wanga. Ndinati basi, Bwana ali ku wodi ya ana.

"Asisi, wadya."

"Wadya chiyani?"

"Mpunga ndi dzira. Ndi nyemba pang'ono. Dzulonso anadya, koma ndinaopa kukuuzani msanga."

Ndinafunsa kuti wachita bwanji, supuni iti, pampando uti. Anayamba kuseka, kuseka kwake kwaulesi kuja.

"Musakwiye. Ndinatopa, asisi. Ndinasiya kumuthamangitsa ndi supuni. Ndinakhala pansi pakhitchini ndi mbale yanga, ndikudya ndekha, osamuyang'ana n'komwe. Anabwera yekha, anapisa dzanja. Theka limapita m'tsitsi, theka pansi, koma china chimalowa. Tsopano ndikangokhala pansi amabwera."

Pansi. Ndi manja. M'mbale ya munthu wamkulu. M'nyumba mwanga, mmene ndimawiritsa supuni ya mwana kawiri patsiku. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za majeremusi, koma chinatuluka ndi kulira. Ndinalira mpaka nesi anabwera kudzaona diripi.

"Amagona bwanji?" ndinafunsa pambuyo pake.

"Amagona ndi ine. Musadandaule."

Loweruka, 22 Malichi

Kutentha kwasiya. Asilikali ayamba kukwera. Dokotala akuti ndikhalebe mpaka majakisoni athe, koma mawa ndikhoza kutsika kukakhala panja pabenchi, ana abwere, bola ndisavule kansalu kukamwa nthawi yaitali.

Amasula bandeji. Ndinafinya kuti ndione, palibe. Bere lagwa ngati thumba lopanda kanthu. Khungu la kumutu likuwawa ndikagona, akuti ndi tsitsi likutsanzika.

Diresi ndamaliza. Ndabwereza msoko kawiri, ndamanga mfundo zitatu m'khosi. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, silinatseguke. Mayi wa kukhomo akuti ngakhale mbala singalowe.

Lamlungu, 23 Malichi

Ndilembe bwinobwino, mmene zinachitikira.

Ndinasamba m'mawa, ndinavala diresi podutsitsa kumutu, nesi wamtali akundigwirira dzanja la singano. Ndinatsika masitepe ndikupumira panjira. Benchi ili kuseri kwa wodi, pafupi ndi pamene amayanika nsalu za pabedi. Ndinakhala manja ali pachifuwa, ndikubwereza mawu anga aja.

Anatulukira pangodya. Bambo ake patsogolo ndi jumbo, Loya akuthamanga, mng'ono wanga pambuyo atanyamula Bwana. Wachepa, khosi latalika, koma maso ali bwino, ndipo m'dzanja anali ndi chidutswa cha buledi. Amumeta. Palibe anandifunsa zometa.

Ndinatsitsa kansalu kukamwa kuti andione nkhope. "Bwana wanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Sanaseke. Mng'ono wanga anati, "Pita kwa amama, pita," n'kumuika pamiyendo panga. Ndinamva kupepuka kwake. Fungo la m'mutu mwake ndi la sopo wina, osati amene ndimagula ine. Mtima unkagunda pansi pa msoko wanga, ndikudikira zala ziwiri zija.

Anakhala. Anayang'ana pulasitala wa padzanja langa, anamukanda pang'ono. Anayang'ana nsalu zikuuluzika pachingwe. Analuma buledi wake. Dzanja lake linafika pachifuwa panga kamodzi, pamsoko penipeni, ndinagwira mpweya. Ankangotsamira kuti atembenuke. Atatembenuka anakweza manja kwa mng'ono wanga.

Mng'ono wanga anachita ngati sakuona. Anayamba kufunsa za chakudya cha kuno, za mayi uja wolongolola. Bwana anayamba kudandaula, akudzikoka. Ndinati, "Mutenge, iwe. Watopa."

"Asisi..."

"Mutenge."

Anamutenga. Bwana anaika mutu paphewa pake, anapisa dzanja m'khosi mwa bulauzi yake, osafuna kanthu, kungogwira kakolala, ndipo maso anayamba kutsekeka. Poyamwa ankandigwira ine chomwecho.

Loya, amene saona chinthu n'kuchisiya, anati, "Amama, diresi lanu mwalisoka bwanji? Zipi ili kuti?" Bambo ake anamuponda phazi. Iwo ankayang'ana zikhadabo.

Ndinapempha Mulungu masabata awiri kuti mwana wanga adye, aiwale bere, agone popanda ine. Wandiyankha zonse, sanasiyeko n'chimodzi chomwe. Ndilibe womudandaulira. Koma zikuwawa kuposa singano zonse za muno.

Ponyamuka ndinagwira mng'ono wanga dzanja. Ndinafuna kunena zambiri, za madzi ophwera pamoto, za mmene ndakhala ndikumuonera. Ndinangoti, "Dzira lizipsa bwino." Anati, "Ndamva, asisi." Tonse tinali tikulira, mwakachetechete, kuti tisamudzutse.

Lolemba, 24 Malichi

Tsitsi layamba kutsalira papilo. Pabedi la Wailesi pagona mtsikana wina, sakulankhula, akungoyang'ana kudenga. Ndamupatsa kapu ija ndi shuga. Mankhwala achiwiri akuti pa 1 Epulo, magazi akalola.

Bambo a ana anaimba m'mawa ali kushopu. Akuti Bwana wadya mbatata, wagona bwino. Kenako anafunsa ngati abweretse madiresi ena otsala kunyumba aja, ndi ulusi wake, kuti ndizisoka pang'onopang'ono ndisanatuluke.

Ndawauza kuti awasiye mmene alili. Palibenso woti atsegule.